Mayi Delia a Pansi pa Tchalitchi

Chipale chofewa choyamba cha chaka chino chagwa dzulo kuno ku Etobicoke, dera la mzinda wa Toronto, ndipo ndakumbuka kuti inali sabata ngati ino pamene Mayi Delia anatisiya. Papita zaka zoposa makumi anayi. Ambiri amene ankawadziwa anatsogola, ena anabwerera kwawo kumpoto. Ndiye ndati ndilembe zimene ndikukumbuka, mutu usanayambe kusokoneza nkhope za anthu.

Mayi Delia ankayendetsa sukulu ya mkombaphala m'chipinda cha pansi pa tchalitchi china, chakum'mawa kwa tauni ya Toronto, m'zaka za m'ma 1970. Anali a mtundu wa Cree, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka amene azungu anawapeza kuno ku Canada. Ana amene tinkasamala analinso a eni nthaka, amene amayi awo anabwera m'tauni kudzachapa zovala m'mahotela ndi kukolopa m'maofesi. Anawo ankawatcha Kukumu, kutanthauza agogo m'chinenero chawo. Koma musaganize za agogo ofatsa. Anali mayi wamfupi, wojintcha, wa mawu okhuthala chifukwa cha ndudu, ndipo sindikumbuka tsiku limene ndinawaona atakhala pansi mtima uli m'malo.

Chipindacho chinali ndi zenera limodzi lokha, m'mwamba pafupi ndi denga, lolingana ndi msewu. Pazeneralo sunkaona nkhope ya munthu. Unkangoona miyendo ikudutsa. Mayi Delia, kaya akupukuta mwana mamina, kaya akudula mkate, diso limodzi linali pamenepo. Ankadziwa majombo a mayi aliyense wa ana athu. Ankadziwanso nsapato za anthu a boma. Ankati za boma zimadziwika chifukwa ndi zoyera ngakhale kunja kuli matope, poti eni ake amatsika m'galimoto pakhomo penipeni. Nsapato zoyera zikaima pazenera, ankasiya kulankhula pakati pa mawu.

Mantha awo sanali opanda pake. Masiku amenewo ofesi yoona za ana inkatenga ana a eni nthaka mosavuta, ngati mmene munthu amathyolera masamba m'dimba la mwini. Mwana akapezeka ndi nsabwe, kapena m'kabati mulibe chakudya, kapena ana atatu akugona pa bedi limodzi, ankamutenga n'kukamupereka kwa banja la azungu, nthawi zina kutali kwambiri. Amayi ambiri amene ankatsika masitepe athu anali ndi mwana mmodzi m'manja ndi wina amene sankadziwa kumene ali.

Choncho sukulu yathu inali ya ana masana, koma ntchito ya Mayi Delia inkapitirira mpaka m'makomo. Kuseri kwa khitchini ankasunga mabulangete, zitini za nyemba ndi kabedi ka mwana kopinda. Mayi wina akamva kuti a ku ofesi abwera kudzaona nyumba yake Lachitatu, katunduyo ankanyamuka Lachiwiri pa sitima ya mumsewu. Kabedi kaja kanagona m'nyumba zambiri kuposa mlendo aliyense. Koma Mayi Delia sankangopereka n'kutseka pakamwa. Ankakalipa. Ndinawamvapo akuuza mtsikana wina, mwana wake ali pomwepo, kuti akadzamvanso fungo la mowa pa jasi lake adzapita okha kukathira mabotolo onse m'chimbudzi. Mtsikanayo analira, n'kuwatukwana, n'kumenyetsa chitseko. M'mawa mwake anabweranso ndi mwana, ndipo Mayi Delia anamupatsa tiyi ngati palibe chinachitika.

Ine ndinawadziwa mwangozi. Tinali titangofika kuchokera ku Ntcheu, amuna anga akuphunzira ku yunivesite, ine ndili ndi pakati, ndikungokhala m'chipinda chimodzi kuyang'ana khoma. Mayi wina woyandikana nafe anandiuza kuti kuli amwenye ena akufuna wowathandiza ana. Ine ndinapita ndikuganiza kuti ndikapeza amwenye ngati a m'masitolo a ku Limbe, osadziwa kuti azungu ankatchula eni nthaka ndi dzina lomwelo. Mayi Delia sanandifunse za sukulu kapena kalata. Anandipatsa mwana amene ankalira chilirire, iwo n'kulowa kukhitchini. Ndinavula chitenje chimene ndinafunda mkati mwa jasi, n'kumubereka. Atatuluka anapeza mwanayo atagona. Anazungulira kumbuyo kwanga, nayang'anitsitsa mfundo ya chitenje.

"Dzina lako ndani?"

"Esinati."

"Esi, mawa ubwere seveni koloko."

Mapepala anga ankandilola kukhala m'dziko muno ngati mkazi wa mwana wa sukulu, osati kugwira ntchito. Ndinawauza. Anati iwo sanalembe munthu ntchito, angopeza mlendo wokonda ana, ndipo dzina langa silidzalembedwa paliponse. Mapepala ankadana nawo. Ankakonda kunena kuti pepala limakhala ndi moyo wautali kuposa munthu amene analilemba, ndiponso kuti mwana akangolembedwa mu fayilo ya boma ndiye kuti mwendo wake umodzi watuluka kale pakhomo.

Anali ndi malamulo amene poyamba sindinkawamvetsa. Belu silinkaloledwa. Amayi ena a mpingo anatipatsa kabelu koitanira ana ku chakudya, iwo anakaika m'thumba la zinyalala tsiku lomwelo. Ana sankafola pamzere. Tsitsi la mwana silinkametedwa, ngakhale litagwa nsabwe. Tinkalipesa ndi chipeso chothina mpaka manja kuwawa.

Tinakanganapo kamodzi koopsa, ndipo wolakwa ndinali ine. Kamnyamata kena kankakana kuvala majombo, kakudzigwetsa pansi. Ine ndinachita zimene tonse tinaleredwa nazo kumudzi. Ndinaloza pakhomo n'kunena kuti ukapanda kuvala, abwera apolisi kudzakutenga. Ana akuluakulu anayang'ana pazenera. Mayi Delia anandigwira pamkono, n'kundikokera kukhitchini.

"Wanena chiyani kwa mwana uja?"

"Ndimangomuopseza, Mayi. Kwathu timatero."

"Kwanu amabweradi?"

"Ayi."

"Kuno amabwera. Mchemwali wake anamutengera pa tebulo akudya, iye akuona. Ukadzabwerezanso, usadzatsikenso masitepe awa."

Anayatsa ndudu, n'kuizimitsa asanaisute. Tsiku limenelo sanandilankhulitsenso. Patapita masabata, tikupinda matewera, ndi pamene anandiuza, maso ali pa matewerawo, kuti iwo anatengedwa ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi kupita ku sukulu yogonera konko. Kumeneko anawameta tsitsi, n'kuwapatsa nambala m'malo mwa dzina, ndipo chilichonse chinkayamba ndi belu. Atakula anadwala chifuwa chachikulu, nagonekedwa m'chipatala zaka ziwiri. Potuluka anapeza mwana wawo wamwamuna atapatsidwa kwa ena. Sananene dzina lake, ndipo ine sindinafunse. Anangoti panopa ayenera kuti ndi bambo wa ndevu, ndipo mwina anadutsapo kale pazenera paja.

Ankakangananso ndi komiti ya mpingo, imene inkafuna kuti sukuluyo iziyendetsedwa ndi munthu wa satifiketi. Iwo ankati ana a eni nthaka aleredwa mokwanira ndi anthu a masatifiketi. Koma ataona kuti komitiyo siikusintha, anayamba okha maphunziro a madzulo ku koleji, ali ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, n'kukokeranso Rita, mmodzi mwa amayi a ana athu, kuti azipita limodzi. Rita ankadandaula kuti watopa. Mayi Delia ankamuyankha kuti iwo sadzakhalapo mpaka kalekale, ndipo safuna kuti makiyi adzagwere m'manja mwa mlendo.

Nkhani imene sindiiwala inachitika Lachisanu lina, chisanu chili pakati. Pa nthawiyo mwana wanga Thoko anali ndi miyezi inayi, ndipo ndinkapita naye ku ntchito. Namwino wa boma ankabwera kamodzi pamwezi kudzayeza ana pa sikelo. Amene tinamuzolowera anali atasamuka, ndipo Lachinayi kunabwera watsopano, mtsikana waulemu ndithu. Atavula Josie, kamtsikana ka zaka ziwiri, anaona mawanga obiriwira moderako kumsana ndi m'matako. Analemba m'kabuku kake.

Mayi Delia anamuuza kuti amenewo ndi mawanga obadwa nawo, ana ambiri a mtundu wawo amakhala nawo ndipo amatha okha akamakula. Namwinoyo anamwetulira, n'kupitiriza kulemba. Atachoka, Mayi Delia anaima pakati pa chipinda nthawi yaitali, thaulo lili m'manja.

Mawa lake, cha m'ma thuu koloko masana, nsapato zoyera zinaima pazenera. Zinali ziwiri za mayi, ndipo kumbuyo kwake majombo akuda a wapolisi.

Mayi wa ku ofesi yoona za ana anatsika yekha, wapolisi n'kutsala pamwamba pa masitepe. Anali ndi pepala m'manja. Anati alandira lipoti loti Josie ali ndi mikwingwirima yosonyeza kuti amamenyedwa, ndipo abwera kudzamutenga kuti akakhale pa malo otetezeka pamene akufufuza. Mayi ake a Josie, Marlene, anali ku ntchito yochapa nsalu ku hotela, osadziwa kanthu.

"Khalani pansi mumwe tiyi," anatero Mayi Delia. "Mwanayo wagona. Simungamutulutse kunja kozizira chonchi asanadzuke bwinobwino."

Anatenga ketulo, n'kundikodola ndi maso kuti ndiwatsatire kukhitchini. Atatseka chitseko analankhula motsitsa mawu.

"Esi, Thoko ali nawo mawanga omwewa. Ndimawaona ndikamamusintha thewera."

Zinali zoona. Thoko anabadwa nawo, ndipo amayi anga anali atandilembera kalata kuti ndisadandaule, inenso ndinali nawo.

"Ukamuonetsa mayi uja, mwina amvetsa kuti si ndodo. Sindikukukakamiza. Ndikungopempha."

Ndinayang'ana chitseko. Ndinaganiza za wapolisi uja, za mapepala anga, za amuna anga amene ankaphunzira ndi thandizo la boma la kwathu, amene kalata imodzi yoipa ikanawabweza asanamalize. Koposa zonse ndinaganiza kuti mayi uja akaona msana wa Thoko, mwina sanena kuti ana onsewa anabadwa nawo. Mwina anena kuti pano pali ana awiri omenyedwa.

"Mayi, ndikuopa," ndinatero. "Sindingathe."

Ndinkadikira kuti andikalipira. Anandiyang'ana pang'ono, kenako anatenga jasi langa pa msomali n'kundiveka okha, ngati mwana.

"Tenga Thoko, utulukire khomo lakuseri lolowetsera malasha. Usadutse kutsogolo. Ukafika pa foni ya pakona, uimbire Marlene ku hotela, umuuze abwere ku chipatala cha ana, osati kuno. Umuuze asalire pamaso pawo, ndipo asakweze mawu. Pita."

Zimene zinachitika nditachoka ndinazimva kwa Rita. Mayi Delia anadzutsa Josie, namuveka, n'kumunyamula okha. Mayi wa ku ofesi atatambasula manja kuti amulandire, iwo anati ngati mwanayu wamenyedwa, ndiye kuti akufunika dokotala, osati nyumba ya alendo, ndipo amupereka m'manja mwa dokotala basi. Mayiyo anati malamulo sali choncho. Iwo anati ndiye aitane wapolisi uja adzawathyole manja pamaso pa ana onsewa. Anakangana mpaka tiyi kuzizira. Pamapeto pake Mayi Delia anakwera galimoto ya apolisi, Josie ali pamiyendo pawo.

Kuchipatala anapeza dokotala wachinyamata amene anali akuphunzirabe ntchito. Anayang'ana mawangawo, nati mwina ndi obadwa nawo, mwinanso ayi, iye sangasaine. Dokotala wamkulu abwera Lolemba. Mpaka tsikulo mwana akhale m'wodi, ndipo mayi ake saloledwa kumuyandikira. Marlene anakhala pa benchi ya panja pa wodi, atadziluma milomo monga ndinamuuzira pa foni. Mayi Delia anakoka mpando, n'kuuika pambali pa kabedi ka Josie. Anamwino atawauza kuti nthawi yoona odwala yatha, anayankha kuti iwo si odzaona odwala, ndi agogo ake. Ankadziwa kuti mwana wosiyidwa yekha Lachisanu, pofika Lolemba amakhala atasamutsidwa, ndipo palibe amene amakuuza kumene wapita. Anakhala pa mpando umenewo masiku atatu. Ngakhale ndudu sanatuluke kukasuta.

Ine masiku atatu amenewo sindinadye. Ndikamasambitsa Thoko ndinkaona mawanga aja n'kutembenuza nkhope. Loweruka ndinauza amuna anga zonse. Anagwira mutu.

"Amake Thoko, tinabwerera sukulu kuno. Nkhani za eni dziko tizisiye. Dzina lanu likangolembedwa, tapita."

Sankanama. Lamlungu ku tchalitchi sindinamve ngakhale mawu amodzi a ulaliki. Lolemba m'mawa, amuna anga atangotuluka kupita ku kalasi, ndinabereka Thoko, n'kuvala jasi pamwamba pake, n'kukwera sitima ya pansi pa nthaka. Pa siteshoni iliyonse ndinkadziuza kuti nditsika pano ndibwerere.

Nditalowa m'wodi, Mayi Delia anali atatupa maso, tsitsi lawo loluka litamasuka mbali imodzi. Atandiona sanasangalale.

"Wakuitana ndani?"

"Palibe."

"Ndinakutulutsa khomo lakuseri kuti uzibwera kuno wekha? Bwerera msanga."

Koma dokotala wamkulu anali atalowa kale, bambo wa imvi, pamodzi ndi mayi wa ku ofesi uja. Sindinadikire kuti mtima undibweze. Ndinamasula chitenje, ndinagoneka Thoko chafufumimba pa kabedi ka Josie, n'kutsitsa thewera. Ana awiriwo anagona moyandikana, wina woderako, wina wakuda, mawanga ali malo amodzimodzi. Dokotala anadina msana wa Josie ndi chala. Josie sanalire. Anadinanso wa Thoko, amene anangoseka. Kenako anatembenukira kwa dokotala wachinyamata uja, namufunsa ngati anaonapo mikwingwirima yokhala masiku anayi osasintha mtundu.

Mpaka lero sindidziwa ngati kupita kwanga kunathandiza. Mwina bamboyo akanazindikira yekha. Chimene ndikudziwa n'chakuti mayi wa ku ofesi anatsegula fayilo yake, nandiloza ndi cholembera.

"Mayi awa ndi ndani? Ndilembe dzina lawo ndi la mwanayu."

Mayi Delia anaimirira, koyamba m'mawa umenewo, n'kuima pakati pa ine ndi cholemberacho.

"Ndi mlendo wanga. Wabwera kudzandipatsa moni. Ngati pepala lanu lili ndi malo otsala, lembani dzina langa kawiri."

Mayiyo anayang'ana dokotala. Dokotala anali akusaina kalata yotulutsira Josie, ndipo sanadzutse mutu. Cholembera chinabwerera m'chikwama.

Marlene analoledwa kulowa. Ananyamula mwana wake. Koma pakhomo mayi wa ku ofesi anamuuza kuti fayilo ikhalabe yotsegula, ndipo azibwera kudzaona nyumba mwezi uliwonse. Lachinayi la sabata yomweyo Marlene anasiya ntchito, n'kukwera basi yopita kumpoto kwa makolo ake. Mayi Delia ndi amene anamulongedzera chikwama, namuperekeza ku depoti. Atabwerako anapachika jasi, nati akanakhala iwo akanachitanso chimodzimodzi. Josie sitinamuonenso. Tsiku limenelo anakalipira aliyense, ngakhale m'busa amene anangotsika kudzafunsa za magetsi.

Kuchokera pamenepo, mayi amene ankadana ndi mapepala uja anayamba kusunga ake. Mwana aliyense watsopano ankapita naye kwa dokotala wa imvi uja, kuti ajambule pa pepala pamene pali mawanga, n'kusaina. Pepala limodzi linkatsala ku sukulu, lina mayi wa mwana ankayenda nalo m'chikwama. Za kukana kwanga kukhitchini kuja sanazitchulepo, ngakhale kamodzi. Ine ndinayesa kupepesa tsiku lina. Anandidula, nati mayi woopa chifukwa cha mwana wake alibe mlandu kwa iwo, ndipo ndisiye kuyankhula ndikatenge mopu.

Anamwalira zaka za m'ma 1970 zili kumapeto. Anagwa m'mawa podikira sitima ya mumsewu, m'manja muli thumba la magolovesi a ana amene anachapa kunyumba. Madokotala anati ndi mtima. Thupi lawo linapita kwawo kumpoto pa sitima, ulendo wa tsiku lathunthu ndi theka, ndipo ambiri a ife sitinathe kuperekeza. Mwana wawo uja sanapezeke kuti auzidwe.

Rita, amene anali atalandira satifiketi yake chaka chomwecho, ndiye anatenga makiyi. Patangotha miyezi yochepa, iye ndi amayi anzake anapeza nyumba ina yaikulu, ya mawindo ambiri ndi bwalo losewerera, ndipo sukulu inasamukira kumeneko. Ndinamva kuti amene akuiyendetsa masiku ano ndi amayi a eni nthaka okhaokha.

Sabata yosamukayo Rita anandituma kukatenga mapoto amene anatsala. Ndinatsika ndekha. Matebulo anali atapita, ndipo pansi panangotsala madindo a miyendo yake pa simenti. Pakhoma panali mzere wa misomali yopachikapo majasi, yofika m'chiuno mwanga, uliwonse uli ndi kachithunzi ka nyama pamwamba pake poti ana sankadziwa kuwerenga: chimbalangondo, kamba, tsekwe. Kumapeto kwa mzerewo kunali msomali umodzi wautali, wa munthu wamkulu, wopanda chithunzi, ndipo pansi pake utoto unali utayera pamene jasi lawo linkakhuza khoma. Chitsulo chotenthetsa m'chipinda chinkalirabe, kho, kho, kho, kutenthetsa chipinda chopanda munthu. Ndinaima pamenepo mapoto ali m'manja, osadziwa kuti magetsi ndizimitse kapena ndiwasiye.